Safunsa anadya phula, nanga wofunsa timamuyankha chiyani?

 Lero ndalemba zazitali, ndipo ena mukwiya nane. Kwiyani, koma muwerenge mpaka pansi.

Miyezi ingapo yapitayo achinyamata a pa parishi yathu anakonza sewero la nyimbo loti aonetse pa Sondo ya achinyamata. Nkhani yake inali ya mtsikana wa giredi 9 amene watenga mimba, osamvetsa n'komwe zimene zikuchitika m'thupi mwake, ndipo wamkulu aliyense amene iye apita kukamufunsa amuthamangitsa. Ife akuluakulu tinaitanidwa kukaonerako pamene ankayeserera. Sitinafike ndi pakati pomwe. Amayi ena anaimirira, ati, "Izi m'nyumba ya Mulungu? Ana awa azidziwira kuti zimenezi?" Tinakhala pansi, tinavota, sewero linaletsedwa. Ana tinawauza kuti aimbe makorasi chabe. Ndikuululireni lero: limodzi mwa manja amene anakwezedwa linali langa. Ndinaopa kuti anthu anganene kuti wowerenga Mawu wataya ulemu.

Sipanapite nthawi yaitali, mmodzi mwa atsikana a kwaya anasiya kuoneka. Tikafunsa, yankho linali lija timalidziwa tonse: "Anapita kumudzi kukathandiza ambuya ake." Tonse tinamva tanthauzo lake, tinagwedeza mitu, palibe anatsegula pakamwa. Sewero tinaliletsa pa siteji, koma linaseweredwa ndithu pakati pathu pomwe.

Mwana wa mlongo wanga, amene ali pa koleji, atamva kuti ndinali nawo poletsa, sanakangane nane. Ananditumizira chabe pa WhatsApp nkhani ndi tizidutswa ta sewero lina la nyimbo lotchedwa Spring Awakening, n'kulemba kuti, "Amalume, muone mukapeza mpata." Ndinaona. Tulo sitinabwere usiku umenewo.

Sewero limeneli analilemba Mjeremani wina, Frank Wedekind, ndipo linatuluka mu 1891. Panapita zaka 15 lisanakwere pa siteji, chifukwa akuluakulu ankati n'lonyansa. Linaonetsedwa koyamba ku Berlin mu 1906, chaka chomwe njanji inafika kuno tauni ino ikutchedwa Broken Hill. Ku New York mu 1917 linaonetsedwa kamodzi kokha, a mzinda atalimbana nalo. Mu 2006 Steven Sater ndi Duncan Sheik analisandutsa sewero la nyimbo pa Broadway, ndipo mu 2007 linalandira mphoto 8 za Tony. Koma za mphoto tizisiye. Imvani nkhani yake.

Muli mtsikana wa zaka 14, Wendla. Mkulu wake wabereka, ndipo iye afunsa amake kuti ana amabwera bwanji. Amake achita manyazi, azemba, angomuuza za kukwatiwa ndi kukonda mwamuna, basi. Muli mnyamata Moritz, wamantha, amene maloto a usiku akumusokoneza mpaka akuganiza kuti wapenga, ndipo alibe wamkulu womufunsa. Mnzake Melchior, wanzeru m'kalasi, amulembera papepala zimene iye anadziwerengera yekha m'mabuku. Muli Martha, amene atate ake amamuzunza m'nyumba, ndipo apempha anzake kuti asauze munthu, kuopa kuthamangitsidwa pakhomo.

Mathero ake ndi awa. Aphunzitsi amugwetsa Moritz pa mayeso chifukwa malo m'kalasi yapamwamba ndi ochepa. Atate ake aganiza za manyazi awo okha pamaso pa anthu. Mnyamata adzipha. Aphunzitsi apeza pepala lija, aika mlandu wonse pa Melchior, amuchotsa sukulu, makolo amutumiza kumalo osungira ana opulupudza. Wendla atenga mimba ya Melchior, osadziwa kuti zimene zinachitika pakati pawo ndi zimene zimabweretsa mwana. Amake, pofuna kubisa, amutengera kwa wochotsa mimba wa mseri. Mtsikana amwalira. Pamanda pake alemba kuti anafa ndi kuchepa kwa magazi. Ngakhale mwala wa pamanda anaunamiza.

Pali zinthu ziwiri zimene opanga sewero la nyimbo anachita zomwe zinandilasa. Choyamba, akuluakulu onse, makolo, aphunzitsi, dokotala ndi m'busa, amaseweredwa ndi anthu awiri chabe, mwamuna mmodzi ndi mkazi mmodzi. Kwa mwana amene akufuna yankho, tonse tili ndi nkhope imodzi ndi mawu amodzi: khala chete. Chachiwiri, ana akamalankhula ndi akuluakulu amakhala ofatsa, aulemu, ovala bwino, koma ikafika nyimbo amatulutsa maikolofoni m'majekete n'kufuula zimene zili mumtima. Ndinakumbukira ana athu aja. Iwonso anatulutsa maikolofoni yawo pa Sondo imodzi yokha imene tinawapatsa, ife n'kuilanda.

Manje funso langa kwa inu ndi ili: anapha Wendla ndani? Kudziwa kapena kusadziwa? Pepala la Melchior silinaphe munthu. Chinapha ana amenewa ndi chete wa akuluakulu, chete amene ankadzitcha ulemu ndi chiyero. Ndipo chete ameneyo ndi yemwe ife tikumulera m'nyumba zathu ku Bwacha, ku Ngungu, ku Katondo, ku Chowa, n'kumati ndiye Chikhristu.

Ndikudziwa, wina wayamba kale kulemba pansipa kuti, "Izo ndi za azungu." Chabwino, tiyeni kwathu. Kafukufuku wa boma wa za umoyo wa 2018, uja wa Zambia Demographic and Health Survey, anapeza kuti mwa atsikana 100 alionse a zaka 15 mpaka 19, okwana 29 anali atabereka kale kapena anali ndi mimba yoyamba. Ikani m'maganizo atsikana 20 ataima mzere, muchotsepo 6. Amenewo si a ku Berlin. Ndi dziko lino lomwe linalengezedwa kuti ndi lachikhristu mu 1991. Ngati chete akanakhala mankhwala, bwenzi ife titachira kalekale, pakuti chete tili naye wokwanira kugulitsako ku Congo.

Wina ati, "Mwambo wathu sulola kholo kukamba zimenezi ndi mwana wake." Zoona, ndipo inenso ndinakula choncho. Koma musanamizire makolo athu. Mwambo sunali woti mwana asauzidwe, unali woti auzidwe ndi munthu woyenera. Kummawa mtsikana akatha msinkhu ankamulowetsa m'nyumba, anamkungwi n'kumulanga, ali ndi phungu wake pambali. Atsikana ankagona ku kuka kwa ambuya, kumene mafunso a usiku ankapeza mayankho. Anyamata anali ndi gowelo, anali ndi amalume. Anzathu Abemba anali ndi chisungu ndi banachimbusa. Mayi ankakhala chete chifukwa ankadziwa kuti azakhali alankhula. Kunali kugawana ntchito.

Nanga kuno? Makolo athu anabwera ku Kabwe kutsata mgodi ndi njanji. Azakhali anatsala ku Katete, ambuya ku Petauke, amalume ku Serenje. Manyazi tinakwera nawo sitima, anamkungwi tinawasiya pa siteshoni. Lero alangizi timawakumbukira pa kitchen party, mtsikana ali ndi zaka 25, mwina ali kale ndi mwana kumbuyo. Amenewo ndi mankhwala ofika maliro atatuluka kale. Ndipo anyamata? Iwo alibe ngakhale kitchen party. Amaphunzira kuseri kwa kantemba, kwa mnzawo amene wawaposa chaka chimodzi, ngati Moritz kwa Melchior.

Sindikuti chinamwali chonse chinali chabwino, iyayi. Kuphunzitsa mwana wa zaka 12 za kuchipinda ngati mawa akwatiwa kunali kulakwa, ndipo za afisi zija zinali nkhanza, tisazipake mafuta. Koma anzathu a Reformed Church kummawa ndi a CCAP ku Malawi sanangoletsa n'kukhala pansi. Anaika chilangizo cha mpingo, ndi alangizi ake, kuti mwana asatsale pa mpanda wopanda chitseko. Kuletsa n'kosavuta. Ntchito ili pa kuika china m'malo mwake.

Izi zindifikitsa pa nkhani ya ku sukulu. Mu 2014 boma linaika maphunziro aja a CSE m'masukulu, kuyambira giredi 5 mpaka 12. Mu 2020 atsogoleri ena a mipingo anafuula kuti achotsedwe, ndipo ambiri a ife tinaomba m'manja, tinatumizirana mauthenga m'magulu a WhatsApp. Ufulu wa kholo wotsegula buku la mwana wake n'kunena kuti tsamba ili sindikulifuna, ine sindilimbana nawo. Koma ndifunse: mwa ife amene tinafuula, ndi angati tinatsegula bukulo? Ndipo titafuula, ndi angati tinaitana ana athu n'kunena kuti, popeza za ku sukulu sitikuzifuna, khalani apa timve zathu? Mukachotsa mphunzitsi pa mpando, mpando sukhala wopanda munthu. Pamakhala foni. Kabandulo kamodzi kotsika mtengo, mwana ali m'bulangeti inu mukuliza nkonono, waona zimene mphunzitsi aliyense angamangidwe nazo ataziika pa bolodi. Foni ilibe manyazi, ilibe mwambo, ndipo simuthamangitsa mwana akafunsa.

Ife a ku Kabwe tiyenera kumvetsa izi kuposa anthu ena onse m'dziko lino. Mgodi unatsekedwa mu 1994, koma mtovu unatsala m'dothi la Kasanda, Chowa ndi Makululu. Suoneka, sununkha. Mwana amasewera m'fumbi, amaika zala m'kamwa, mtovu n'kulowa m'magazi mwakachetechete. Kwa zaka zambiri makolo ambiri sankadziwa. Kodi kusadziwa kumeneko kunateteza mwana ngakhale mmodzi? Chimathandiza ndi kuuzidwa: kayezetseni magazi a mwana, asambe m'manja asanadye, bzalani kapinga pabwalo, kolopani ndi madzi m'malo moulutsa fumbi ndi tsache. Palibe amene amati wa zaumoyo akamaphunzitsa za mtovu ndiye kuti akuthira ana poizoni. Nanga n'chifukwa chiyani timati wouza mtsikana za thupi lake akumuphunzitsa chiwerewere?

Inu a pa msika, mukafuna kusiyira mwana thebulo mumatani? Mumamuonetsa ndalama yabodza, mumamuphunzitsa kuigwira ndi kuiyang'ana padzuwa. Mumamuuza za aja otumiza meseji yoti ndalama muike pa nambala iyi. Mumamuuza za kasitomala wosokoneza chenji. Kodi mwana amasanduka wakuba chifukwa mwamuuza machenjera a akuba? Kapenta ndi salaula mumaziteteza ndi maphunziro, koma mwana mwiniyo mumamutuma madzulo kukagulitsa mazira owiritsa ndi chinangwa mu Great North Road, pamene malole amaima, osamuuza kanthu za bambo amene adzati sunga chenji, mawa ubwerenso. Katundu tamuika patsogolo pa mwana, mwandi.

Tikambe za Moritz, inu abambo anzanga. Zotsatira za mayeso zikatuluka, ndi mawu otani amene amatuluka pakamwa pathu? "Ndalama zanga zalowa m'madzi." "Wandichititsa manyazi." "Ona mwana wa uje." Mnyamata amangoti zii, ife n'kumati wamva. Pamene mwana wangoti zii m'pamene muyenera kuopa. Kulephera mayeso si imfa. Pali GCE yolembanso, pali ntchito za manja zimene amaphunzitsa pa Kabwe Institute of Technology pompano. Koma mwana amene wauzidwa kuti ndi chitonzo cha banja saona njira zimenezi, amangoona mdima. Atate a Moritz analira pa maliro. Misozi ija ikanatuluka mwana ali moyo, mwina sakanakumba manda.

Tikambenso za Martha, ngakhale apa m'pamene timatsekera makutu zedi. Nkhanza zambiri kwa ana sizichokera kwa mlendo wa mumsewu. Zimachokera m'nyumba: bambo womupeza, msuweni amene tikumusunga, wa lendi wa chipinda cha kuseri, nthawi zina munthu wa udindo mu mpingo. Mwana akayesa kunena timati, "Usatichotse ulemu, za m'nyumba sizituluka." Werengani nokha 2 Samueli 13. Tamara atagwiriridwa ndi mlongo wake Amnoni, Abisalomu anamuuza kuti akhale chete, ndipo Davide anakwiya koma sanachite kanthu. Chete ameneyo sanasunge banja. Patapita zaka ziwiri magazi anakhetsedwa, nyumba ya mfumu inang'ambika. Buku Lopatulika silinabise nkhani imeneyi. Ndife amene timaidumpha.

Ndipo lamulo la dziko lili poyera. Kugona ndi mwana wosakwana zaka 16 ndi mlandu wa zaka zosachepera 15 m'ndende, avomere asavomere. Kuyambira 2023 ukwati wa munthu wosakwana zaka 18 ndi wosaloledwa, ngakhale wa mwambo. Kukhala pansi mabanja awiri n'kulandira ndalama za damage pa mwana wotere si kukonza mlandu, ndi kugulitsa mwana. Ku polisi kuli Victim Support Unit. Nambala ya 116 ndi yaulere, mwana angaimbe yekha. Ilembeni pa khomo la firiji, ilembeni pa bolodi la zolengeza ku tchalitchi.

Nanga mtsikana amene watenga kale mimba? Kuyambira 1997 boma limalola mtsikana wobereka kubwerera ku sukulu. Sukulu inamutsegulira khomo kalekale. Ife timamuvula yunifomu ya kwaya, timamubisa kumudzi, pamene mnyamata kapena bambo amene anachita zimenezi akupitiriza kuimba besi kumbuyo. Mtsikana akaona mmene tinachitira ndi mnzake, tsiku lake likafika sadzabwera kwa ife. Adzapita kumene anamutengera Wendla. Pamaliro tidzalengeza kuti anadwala m'mimba kwa masiku ochepa.

Musandimve molakwika. Sindikuti tikaonetse Spring Awakening mu holo ya tchalitchi. Muli mawu ndi zochitika zimene ine sindingaziike pamaso pa ana a Sunday school, ndipo si zonse zili mmenemo zimene ndikugwirizana nazo. Sindinasiye kukhulupirira kuti wachinyamata adzisunge mpaka ukwati. Koma munthu amasunga bwanji chinthu chimene sanauzidwe kuti chili pati, chimatayika bwanji, ndipo akuba ake amabwera atavala chiyani? Mwana wosadziwa si woyera mtima, ndi wosatetezedwa chabe. Timakonda kuwauza mwambi woti safunsa anadya phula. Ana athu akufunsa. Ndife tikuwadyetsa phulalo ndi manja athu. Ambuye wathu ali ndi zaka 12 anapezeka m'Kachisi pakati pa aphunzitsi akumva ndi kufunsa mafunso, ndipo palibe anamutulutsa panja.

Tsono tichite chiyani? Sindikupempha zazikulu. Inu amayi, ngati lilime likukana kukamba ndi mwana wanu wamkazi, musankhireni munthu sabata ino, azakhali, mnansi wokhulupirika kapena mayi wa Mothers' Union, ndipo mumuuze mwanayo poyera kuti awa ndiwo ako, afunse chilichonse, sindikwiya. Musadikire kuti aone magazi kaye n'kuthawira kuchimbudzi akulira. Inu abambo, mwana wa mlongo wanu ndi wanu. Mutengeni popita kukagula nsomba za ku Lukanga kapena popita kumunda, mukambe muli m'njira, maso ali kutsogolo, ndiye zimaphweka. Muuzeni kuti maloto aja si misala kapena chiwanda, ndiponso kuti mtsikana akati iyayi ndiye kuti iyayi. Inu amayi a chilimba, mumakumana mwezi ndi mwezi kuwerengera ndalama, patulani tsiku limodzi muitane namwino wa pa kiliniki adzakambe ndi atsikana anu. Ndipo mwana akakuuzani kuti wina akumugwira mosayenera, mukhulupirireni kaye, za ulemu wa banja zibwere pambuyo.

Ine ndiyamba ndi mlandu wanga. Pa msonkhano wotsatira wa akuluakulu a parishi ndikaimirira n'kunena kuti ndinavota molakwa, ndipo ndikapempha kuti ana aja atibweretserenso sewero lawo, tilione lonse mpaka kumapeto, kenaka tikhale nawo pansi atifunse zimene akufuna. Mwina ndikaluza. Mwina ena a inu mudzasiya kundipatsa moni kwa kanthawi. Ndalankhulanso ndi mayi a kunyumba kuti tipite kukaona amake a mtsikana uja, osati kukaweruza, koma kukafunsa kuti mwana abwera liti ndipo sukulu ayambiranso liti.

Amene simukugwirizana nane, lembani pansipa, ndiwerenga zonse ndipo ndiyankha. Koma musanalembe, yankhani kaye funso ili mumtima mwanu: mwana wanu atakhala ndi funso lamanyazi usiku uno, angapite kwa ndani? Ngati dzina silikubwera msanga, ikani foni pansi, pitani mukamupezere munthu.

Mulungu atikhululukire chete wathu, ndipo asunge ana athu. Malonda abwino kwa nonse lero.